Ndani watsegula bokosi la maloko atatu? Kalembedwe ka buku lanu loyamba lofufuza mlandu

Tangoganizani. Amayi 20 a banki mkhonde akhala akusonkha ndalama kuyambira Januwale. Ndalamazo amazisunga m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, pamene bokosilo limagona kwa munthu wachinayi, gogo wina amene sasunga kiyi aliyense. Lakwana tsiku logawana mu Disembala, atsegula bokosi pamaso pa gulu lonse, n'kupeza theka la ndalama mulibe. Maloko onse atatu ali bwinobwino, osathyoka, osakandika.

Ngati m'maganizo mwanu mwayamba kale kuloza chala, ndiye kuti mwalawa kukoma kwa mabuku amene pa Chingerezi amati cozy mystery. Ndi nthano zazitali zofufuza mlandu, koma zopanda magazi pa tsamba lililonse, zopanda mfuti ndi magalimoto othamangitsana. Mlandu umachitika pamalo aang'ono pamene aliyense amadziwa mnzake, ndipo woumasula si wapolisi ayi, koma munthu wamba wamaso akuthwa.

Achinyamata ambiri amene amalemba tinkhani pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp amalakalaka tsiku lina atatulutsa buku lenileni. Mtundu uwu ndi khomo labwino lolowera chifukwa mafupa ake alipo kale: pachitika mlandu, pali oganiziridwa, pali kufufuza, pamapeto choonadi chituluka. Komatu uli ndi malamulo ake, ndipo mukawaphwanya owerenga sakhululuka.

Kumene zinayambira

Dzina lalikulu pa mabuku amenewa ndi Agatha Christie wa ku England. Buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, analilemba mu 1916 nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati, iye akugwira ntchito yokonza mankhwala pachipatala cha ku Torquay. Makampani angapo osindikiza mabuku analikana, mpaka linatuluka mu 1920. Wophedwa m'bukumo amafa ndi poizoni wotchedwa strychnine, ndipo za mankhwala otere mlembiyo ankazidziwa bwino chifukwa cha ntchito yake. Phunziro loyamba ndi limenelo: anatenga zimene ankazigwira tsiku ndi tsiku n'kuzisandutsa mlandu.

Mu 1930 Christie anatulutsa The Murder at the Vicarage, buku lalitali loyamba la Miss Marple, gogo wa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead. Miss Marple alibe yunifolomu, alibe ofesi. Amaluka, amasamalira maluwa, amamvetsera. Anthu amamuderera poti ndi nkhalamba, ndiye amalankhula momasuka iye ali pomwepo. Chaka chomwecho ku America kunatuluka The Secret of the Old Clock, buku loyamba la Nancy Drew, mtsikana wazaka 16 wofufuza milandu.

Kuchokera pamenepo mzere wa ofufuza achichepere sunaduke. Mu 2009 Alan Bradley wa ku Canada anatulutsa The Sweetness at the Bottom of the Pie, momwe muli Flavia de Luce, kamtsikana kazaka 11 kokonda sayansi ya mankhwala. Mu 2014 Robin Stevens anatulutsa Murder Most Unladylike, nkhani ya atsikana awiri, Daisy Wells ndi Hazel Wong, pasukulu yogonera konko m'zaka za m'ma 1930. Mu 2019 Sharna Jackson analemba High-Rise Mystery, momwe Nik ndi Norva, atsikana achikuda apachibale, akufufuza imfa pa mdadada wa nyumba zosanja ku London.

Kuno ku Africa anthu ambiri amadziwa Mma Precious Ramotswe wa ku Gaborone, wa m'buku la The No. 1 Ladies' Detective Agency la 1998. Mlembi wake, Alexander McCall Smith, anabadwira ku Bulawayo. Mma Ramotswe ndi wofufuza wolipidwa, koma milandu yake yambiri ndi ya pakhomo: mwamuna wosowa, bambo wachinyengo wodzitcha kholo la mwana wa eni, wantchito wonamiza abwana. Iye ndi umboni woti buku lotere likhoza kukoma popanda mtembo m'mutu uliwonse.

Ifenso nkhani za chinsinsi choululika sitiyamba lero. Amene anawerenga Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe, akukumbukira kuti imfa yobisika inaululidwa ndi kambalame koimba. Kusiyana kwake n'kwakuti mu cozy mystery kambalame mulibe. Ntchito ya kambalame ija imagwiridwa ndi ubongo wa munthu, ndipo owerenga ayenera kuona njira yonse imene wadutsa kuti afike pa yankho.

Mphamvu ya wamng'ono ndi kudereredwa

Tibwerere ku bokosi lathu lija. Tinene kuti gogo wosunga bokosi ali ndi mdzukulu, timutche Tadala, wazaka 17, amene walemba mayeso a MSCE ndipo akudikira zotsatira. Pakadali pano akuthandiza azakhali ake pa kabenchi kotumizira ndi kutapira ndalama pafoni. Ameneyo ndiye mpangankhani wamkulu.

N'chifukwa chiyani Tadala, osati mphunzitsi wamkulu kapena m'busa? Chifukwa mwana amalowa paliponse. Amatumidwa kukapempha mchere, kukapereka uthenga wamaliro, kukatunga madzi kumjigo kumene nkhani zonse za m'mudzi zimakumana. Akuluakulu akamakambirana amangomuuza kuti abweretse madzi osamba m'manja, osaganiza kuti makutu ake ali ndi ntchito. Zimene ukalamba unamuchitira Miss Marple, ubwana umuchitira Tadala.

Koma kuti akhale munthu osati chidole, mupatseni zinthu zitatu. Choyamba ndi luso limodzi lenileni. Flavia amadziwa za mankhwala. Tadala, chifukwa cha pabenchi paja, manambala samutha m'mutu, ndipo amazindikira msanga masamu akapanda kugwirizana. Luso limenelo lionekere kumayambiriro pa nkhani yaing'ono, monga kugwira kasitomala wofuna kupusitsa azakhali pa chenji, kuti likadzagwira ntchito yaikulu kumapeto owerenga asadabwe.

Chachiwiri ndi chifukwa. Munthu wamba sadzuka m'mawa n'kuyamba kufufuza milandu ya eni popanda chomukankha. Kwa Tadala chifukwa chili pakhomo: bokosi limagona kwa agogo ake, maloko sanathyoke, ndiye manong'onong'o ayamba kuti nkhalambayo yaba ndalama mwa chitaka. Tikudziwa tonse kumene manong'onong'o otere amathera. Tadala akalephera, agogo ake akhoza kuthamangitsidwa pamudzi kapena kuvulazidwa. Apo ndiye kuti buku lili ndi mtima.

Chachitatu ndi zomumanga miyendo. Alibe ndalama ya basi, foni yake ndi yobwereka, dzuwa likalowa ayenera kukhala ali pakhomo, ndipo mbale sizitsuka zokha chifukwa choti iye akufufuza mlandu. Zimenezi musazione ngati zokusokonezani. Ndi zimene zimabweretsa nthabwala ndi kugunda kwa mtima.

Mupatseninso mnzake. M'mabuku a Robin Stevens, Hazel ndiye amalemba zonse m'kope pamene Daisy amatsogolera, ndipo mikangano yawo ndi theka la kukoma kwa nkhani. Tadala akhoza kukhala ndi msuweni wake Mphatso, wa kabaza, amene amadziwa yemwe anamunyamula, tsiku liti, kupita kuti. Popanda mnzake wofufuza wanu azingoganiza yekha masamba khumi, owerenga n'kugona.

Yambirani kumapeto

Apa ndi pamene olemba atsopano ambiri amagwera m'dzenje. Amayamba mutu woyamba ali ndi moto, osadziwa wakuba ndani, akuti adzaona kutsogolo. Akafika pakati nkhani yamangana ngati ulusi wa mphaka, basi buku lathera pomwepo.

Buku lofufuza mlandu lili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya zimene zinachitikadi. Yachiwiri ndi ya mmene wofufuza akuzitulukira. Owerenga amawerenga yachiwiri, koma inu mulembe yoyamba musanayambe mutu woyamba. Tsamba limodzi likwana: anachita ndani, chifukwa chiyani, motani, nthawi yanji, ndipo analakwitsa pati.

Ya bokosi lathu ikhoza kukhala motere. Loko aliyense wa m'sitolo amagulitsidwa ndi makiyi angapo pa kawaya kamodzi. Pamene gulu linkayamba, wapampando, mayi wolemekezeka wa kumpingo, anadzipereka kukagula maloko onse atatu kutauni. Anapereka kiyi mmodzimmodzi kwa osunga makiyi, otsalawo n'kusunga mwakachetechete, mwina osaganiza n'komwe zoipa pa nthawiyo. Miyezi itapita, katapila wamufika pakhosi chifukwa cha ngongole imene anatenga potumiza mwana wake ku Joni. Usiku wina agogo akugona kusiwa pamaliro a m'mudzi, iye analowa m'nyumba, n'kutenga ndalama, n'kutsekanso maloko. Mumtima ankati adzabweza tsiku logawana lisanafike.

Taonani kuti funso lasintha. Mudzi wonse ukufunsa kuti ndani mwa osunga makiyi anapangana ndi anzake. Funso lenileni n'lakuti ndani anagula maloko. Buku lonse ndi ulendo wa Tadala kuchoka pa funso lolakwika kufika pa lolondola.

Taonaninso kuti wakubayo si chilombo. Mu cozy mystery wolakwa amakhala munthu amene owerenga amudziwa, mwina amukondanso. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuwawa kwa nkhani kuli pamenepo.

Aliyense ndi chinsinsi chake

Oganiziridwa anayi kapena asanu akwana. Akachuluka owerenga amaiwala maina, akachepa amagwira wakuba pa mutu wachitatu. Onse aonekere m'gawo loyamba la buku, ndipo wolakwa akhale mmodzi mwa iwo.

Chinsinsi cha kalembedwe n'chakuti aliyense akunama, koma pa zifukwa zosiyana. Wosunga kiyi woyamba wagula malata mwadzidzidzi, ndipo akukana kunena kumene ndalama zachokera. Zoona zake, mwana wake wa ku Johannesburg anamutumizira, koma akubisa kuopa amuna ake amene akaziona zithera kumowa. Wachiwiri akuti usiku wamaliro anali kusiwa, chikhalirecho palibe anamuona. Zoona zake anali kuchipatala pa nkhani imene safuna anthu adziwe. Wachitatu amanjenjemera akangoona kope la gulu. Si kuba ayi, mayiyo sadziwa kuwerenga ndipo wakhala akubisa zaka zonsezi.

Tadala akamatulukira chinsinsi chimodzi, munthu mmodzi amachoka pa mndandanda, ndipo owerenga amaudziwa mudziwo mozama. Pamabweranso funso lovuta kwa mtsikanayo: chinsinsi cha mayi wa kuchipatala achiulule kuti apulumutse agogo ake, kapena achisunge? Mafunso otere ndi amene amasiyanitsa buku ndi masamu.

Tengani pepala mujambule mizere. Kumanzere maina, pamwamba maola a usiku wamaliro. Lembani kumene aliyense anali, ndi kumene akunena kuti anali. Pepala limeneli lidzakupulumutsani pa mutu 20 mutaiwala zimene munalemba pa mutu 4.

Osawabera owerenga

Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amene ankalembanso mabuku ofufuza milandu, anasindikiza malamulo khumi a kalembedwe kameneka. Ena ndi nthabwala, limodzi ndi latsankho ndipo linatha ntchito kalekale, koma angapo akadali amoyo. Wolakwa akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro. Wofufuza asapeze yankho mwangozi kapena mwa kungomva m'thupi. Chizindikiro chilichonse chimene wofufuza waona, owerenga achionenso. Ndipo zamizimu ndi zamatsenga zisakhale yankho.

Lamulo lomalizali kwathu kuno lili ndi kulemera kwina. Anthu a m'nkhani yanu akhoza kukhulupirira chitaka, akhoza kupita kwa sing'anga, akhoza kulota maloto, chifukwa ndi mmene moyo ulili. Koma yankho la buku likhale la manja a munthu: kiyi, nthawi, ngongole. Ku Malawi lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhani za agogo omenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti timaziwerengabe m'nyuzipepala. Buku limene mtsikana akufunsa kuti umboni uli kuti, pamene mudzi wonse watola kale miyala, likugwira ntchito yoposa kusangalatsa. Simukufunika kulalikira. Nkhaniyo ilankhula yokha.

Nanga chizindikiro mumachibisa bwanji chili poyera? Chiikeni pakati pa zinthu zina, pa nthawi imene maso a owerenga ali kwina. Pa mutu wachiwiri, bokosi lisanatsegulidwe n'komwe, agogo atume Tadala kukagula loko wa khola la nkhuku. Wogulitsa amupatse loko ndi makiyi atatu pa kawaya, iye n'kumakangana naye za mtengo, kwinaku mnyamata amene amamusirira akudutsa pa njinga. Owerenga aseka za mnyamatayo, makiyi aja osawalabadira. Pa mutu wachisanu wapampando adzitame pamsonkhano kuti gululi analiyambitsa yekha, ngakhale bokosi ndi maloko anakagula ndi thiransipoti yake. Zimveka ngati matama chabe. Tadala akadzalumikiza ziwirizi kumapeto, owerenga adzagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo kukaona. Akapeza kuti zinalipodi, mwapambana.

Yesetsani kukhala ndi zizindikiro zitatu zoloza wolakwa weniweni. Chimodzi chokha chimaoneka ngati mwayi.

Mwana safunsa akuluakulu ngati wapolisi

Apa ndi pamene kukopera mabuku akunja kumagwetsa anthu. Nancy Drew ali ndi galimoto yake, bambo ake ndi loya, ndipo amagogoda pakhomo la aliyense n'kuyamba mafunso. Tadala atayerekeza kuima pakhomo la mayi wamkulu n'kufunsa kuti munali kuti Lachiwiri usiku, mbama yake ingamveke kutsidya, ndipo owerenga a kuno sangakhulupirire tsamba limenelo.

Afunse monga amafunsira mwana wakwathu, mozungulira, atagwada, manja ali pa ntchito:

"Odi, amayi a Chisomo. Agogo akuti ndibweze mbale yanu ija munabweretsera ndiwo kumaliro."

"Iii mwana iwe, si yanga imeneyo. Ine tsiku limene lija sindinaphike n'komwe."

"Pepani amayi, ndiye ndasokoneza. Kapena munafika mochedwa eti?"

"Tangopita nayo kwa amake Yamikani. Mafunso ngati a CID bwanji?"

Mbale yabwerera, koma Tadala wadziwa chinachake. Ulemu sunamutsekere njira, wamupatsa njira ina. Mvetserani mmene anthu amalankhulira pachigayo, pamsika ndi m'minibasi, ndipo aliyense m'buku mwanu akhale ndi kamvekedwe kake. Agogo asalankhule ngati Mphatso wa kabaza.

Chimodzimodzi pampondachimera. M'mabuku a Christie wofufuza amasonkhanitsa anthu m'chipinda n'kuloza wolakwa. Mtsikana wazaka 17 sangaimirire pabwalo la amfumu n'kuloza chala wapampando. Akhoza kudzera kwa azakhali ake. Akhoza kupempha amfumu, kudzera mwa wamkulu, kuti afunse funso limodzi lokha: loko amagulitsidwa ndi makiyi angati? Kenako bwalo lonse likhale chete. Kupeza njira yoti choonadi chituluke popanda mwanayo kuoneka wamwano ndi mbali imene mlembi wa ku London sangakulembereni.

Nanga apolisi ali kuti?

Owerenga adzafunsa, ndiye yankho likhalepo. Njira yaulesi ndi kuwasandutsa zitsiru, koma imatopetsa. Pezani chifukwa chomveka. Mwina gulu likuopa manyazi ndipo lasankha kuyamba kwa amfumu. Mwina apolisi abwera, alemba sitetimenti, koma poti maloko sanathyoke maso awo ali pa wosunga bokosi. Ikaninso malire a nthawi: amfumu anena kuti mlandu udzakambidwa Loweruka, ndiye Tadala ali ndi masiku asanu basi.

Samalaninso ndi ngozi. Mu cozy mystery mantha amakhalapo, koma nkhanza sizionetsedwa mwatsatanetsatane, zogonana zimathera kuseri kwa chitseko, ndipo ana ndi ziweto savulazidwa pamaso pa owerenga. Ngati mwasankha mlandu wakupha, imfayo ichitike kuseri. Zinthu zikafika poopsa, wofufuza wanu aitane wamkulu. Ena mwa owerenga anu ndi azing'ono anu.

Ndipo mudzi wanu ukhale wopeka, monga St Mary Mead. Tengani fungo la chigayo cha kwanu, phokoso la msika wa Lachisanu, mtengo wa mango wa pasiteji, koma dzina likhale lina. Anthunso musawakopere ndendende. Mukalemba wakuba wofanana ndi wapampando weniweni wa banki mkhonde ya amayi anu, mlandu wotsatira ukhala wanu.

Kulemba kwenikweniko

Mabuku ambiri a mtundu uwu olembera akuluakulu amakhala ndi mawu pafupifupi 60,000 mpaka 80,000, ndipo olembera ana amafupikirapo. Nambalayi isakuopseni. Mawu 500 patsiku kwa masiku 120 ndi mawu 60,000. Mawu 500 ndi ofanana ndi uthenga wautali umene mumalemba pa WhatsApp mukakwiya. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Laputopu si chiphaso cholembera buku. Foni ikwana, ndipo mapulogalamu ngati Google Docs amalola kulemba popanda bandulo mukawatchera bwino. Chachikulu n'kusunga zolemba zanu malo awiri. Lamlungu lililonse dzitumizireni pa imelo, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa osatsanzika. Magetsi akazima, kope ndi cholembera zilipo.

Gawani bukulo panayi. Gawo loyamba tidziwe mudzi, anthu ndi mlandu. Lachiwiri Tadala afufuze n'kuganizira munthu wolakwika. Lachitatu zinthu ziipe: agogo asiye kupita kumjigo, azakhali amuletse kufufuza, Mphatso akwiye naye. Lachinayi alumikize zonse. Mutu uliwonse ubweretse chatsopano chimodzi, kaya chizindikiro, kaya bodza logwidwa, kaya vuto, ndipo uthe pamalo poti munthu anene kuti ndiwerengeko umodzi wokha ndigone.

Pakati pa zonsezi musaiwale kukoma kwa moyo. Mawu akuti cozy amanena za kufunda, ngati kukhala pafupi ndi mbaula mu Juni. Anthu adye, aseke, anyozane mwachikondi. Tiyi wa m'mawa ndi mbatata, agogo akusenda mtedza pakhonde, kwaya ikuyeserera madzulo kutchalitchi. Owerenga amabwera chifukwa cha mlandu, koma amafuna buku lachiwiri chifukwa asowa anthu ake.

Chilankhulo sankhani chimene anthu a m'nkhani yanu amalotera. Ngati ndi Chichewa, lembani Chichewa, ndipo Tadala akasakaniza ndi Chingerezi monga achitira achinyamata, musiyeni. Zolemba zoyamba musazikonze muli mkati molemba. Mukafika pa mutu 15 n'kuzindikira kuti pa mutu 3 pakufunika chizindikiro, lembani pambali, pitirizani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, kukonza kudzabwera.

Mukalemba mawu omaliza

Libiseni bukulo milungu iwiri kapena itatu, kenako muliwerenge ngati si lanu. Tsatirani chizindikiro chilichonse: chaikidwa pati, chatchulidwanso pati, chagwira ntchito pati. Chinsinsi cha woganiziridwa aliyense chimasulidwe, pasatsale chingwe cholendewera.

Kenako pezani owerenga atatu amene sakuopani. Apatseni bukulo popanda mitu itatu yomaliza, muwafunse kuti wakuba ndani ndipo chifukwa chiyani. Onse atatu akalondola, mwaulula kwambiri. Onse akalephera, n'kudzati atawerenga mapeto anene kuti zimenezi zachokera kuti, mwabisa kwambiri. Mmodzi akalondola, awiri n'kudziguguda pachifuwa kuti anayenera kuona, buku lapsa.

Pa nkhani yosindikiza, mbiri ya Nancy Drew ili ndi chenjezo. Pachikuto pamalembedwa Carolyn Keene, koma limeneli ndi dzina longopeka. Mabuku 23 mwa 30 oyambirira analemba ndi Mildred Wirt Benson, amene anayamba ntchitoyi ali ndi zaka 24. Pa mabuku oyambawo ankalandira madola 125 pa buku, kamodzi kokha, ndipo anasaina kuti umwini ndi wa kampani ya Edward Stratemeyer. Mabukuwo anagulidwa mamiliyoni, dzina lake osaoneka kwa zaka zambiri. Choncho pepala lililonse limene wosindikiza angakupatseni muliwerenge mofatsa, mudziwe ngati mukugulitsa umwini wonse kapena mukungopereka chilolezo kwa zaka zingapo. Ku Malawi za umwini wa zolemba amayang'anira ndi a COSOMA, ndipo bungwe la alembi la MAWU ndi malo okumanirana ndi anzanu amene anadutsamo kale.

Musaderere mipikisano. Alan Bradley anapambana mphoto ya Debut Dagger mu 2007 ndi chiyambi chabe cha buku la Flavia, ndipo bukulo linatuluka iye ali ndi zaka 70. Inu muli ndi zaka makumi angapo zomuposa nazo.

Sabata ino musayambe ndi mutu woyamba. Tengani tsamba limodzi, sankhani malo amene mumawadziwa mpaka fungo lake, kaya ndi hositelo, saluni, kwaya kapena siteji ya kabaza. Lembani chimene chasowa, amene wachitenga, chifukwa chake, ndi kanthu kamodzi kakang'ono kamene anaiwala. Pansi pake lembani dzina la wachinyamata amene aliyense amamutuma koma palibe amamufunsa maganizo. Mutu woyamba mudzayambe Lolemba.